Ulendo wa ku Chifunga, Komwe Tinakafunsa za Keyala



Ulendo umene tikusimbireni m'kope lino sunali wokaona malo ayi, unali wa nkhani ya pabanja. Mphwathu wina, mnyamata amene anakhoza bwino mayeso a Fomu 4, anadzuka tsiku lina n'kunena kuti za usodzi sakuzifuna, za ku Joni sakuzifunanso, iye akufuna usilikali. Mayi ake, amene ndi mlongo wathu, anakana kwamtuwagalu. Anati mwana amene ankamudzutsa m'mamawa kuti apite ku madrasa sangakhale munthu wogona ndi mfuti. Nkhaniyi inakhala m'nyumba miyezi itatu, mwana ndi mayi ake osayang'anana bwino. Monga mukudziwa, pa mwambo wathu mlandu wotere saugamula bambo, amaugamula mwini mbumba. Ndipo mwini mbumba wathu, amalume aakulu, amakhala kutali, ku Chifunga m'boma la Neno, komwe anakakhazikika atapuma usilikali womwewo. Choncho tinasonkherana ya thiransipoti, tinamanga kaphukusi ka usipa wouma ndi mpunga, n'kunyamuka anthu anayi titangoswali Fajiri.

Tisanakwere minibasi pa Mangochi tinayamba taima pa chipilala cha wotchi, pafupi ndi mlatho. Mnyamatayo wadutsa pamenepo kosawerengeka, koma titamufunsa za mzinga uli pambali pake anangoti kukamwa yasa. Mzingawo unachokera m'sitima ya Guendolen. Pa 13 Ogasiti 1914 sitimayi, motsogozedwa ndi Captain Rhoades, inawoloka nyanja n'kukawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann, imene inali pamtunda ikukonzedwa padoko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Mkulu wa sitima ya Ajeremaniyo anali mnzake wa Rhoades, ndipo anali asanamve n'komwe kuti ku Ulaya kwabuka nkhondo. Ambiri amati iyi ndiyo inali nkhondo yoyamba ya pamadzi imene Angerezi anapambana pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo inachitikira panyanja yathu yomweyi, yomwe timavuulamo utaka. Mlongo wathu anatiuza kuti tisamusokoneze mwana ndi nthano za mizinga, minibasi ikudzaza.

Za mumsewu sitichulukitsa. Tinadutsa pa Ulongwe, tinasintha galimoto pafupi ndi Liwonde, tinadutsa Balaka ndi Phalula, dzuwa likuswa mtengo. Pa Zalewa tinasiya msewu wopita ku Blantyre n'kukhotera kudzanja lamanja, kulowera ku Mwanza. Kuyambira pamenepo dziko limasintha. Munthu wozolowera kuona madzi mpaka pomwe maso alekezera amaona mapiri ouma, milambe, mbuzi, ndi matumba a makala atandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Mitsinje ya Lisungwi ndi Wamkulumadzi ndiyo imapatsa dziko limeneli moyo, ndipo yonse imakathira mu Shire, madzi athu omwe aja ochokera kunyanja, amene kumeneko amatembenuza makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Magalimoto akuluakulu a katundu, ochokera ku Beira, ku Harare ndi ku Durban, amadutsa usana ndi usiku.

Chifunga ndi kamsika ka m'mbali mwa msewu, ndipo wapaulendo wothamangira kuchipata cha Mwanza akhoza kukadutsa osakazindikira. Koma malowa anaona zambiri. Pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, pano panali msasa waukulu wa anthu othawa nkhondo. Pofika 1992 dziko lathu linali likusunga abale a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, ndipo Chifunga inali imodzi mwa misasa imene inawalandira. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 anthu anayamba kubwerera kwawo, koma mpaka lero mukamacheza ndi akuluakulu pamsikapo mawu a Chipwitikizi amatulukira apa ndi apo. Nthawi imeneyo dera lonseli linali pansi pa boma la Mwanza. Neno inakhala boma palokha m'chaka cha 2003. Amalume anabwera kuno nthawi ya msasawo kudzagwira ntchito ya ulonda pankhokwe za chakudya, anapeza banja, ndipo sanabwererenso kunyanja. Asilamu kuno ndi ochepa, sizili ngati kwathu komwe azana ya mzikiti uwu imalandizana ndi ya mzikiti winawo.

Tinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa masawu, msana uli chilili ngakhale zaka zawo zafika m'ma 80. Atatilandira, choyamba anatifunsa ngati taswali Zuhuri. Anatipatsa madzi m'ketulo, tinatawasa, ndipo anatitsogolera okha pamkeka pakhonde. Kenaka nsima inabwera ndi nkhuku imene anazinga okha. Nkhani imene tinabwerera anaimvetsera maso ali pansi, osadula mawu wina aliyense. Mlongo wathu atamaliza, misozi ili m'masaya, iwo sanayankhe. Anangotuma mnyamata uja kuti akatenge chitini chimene chinali pansi pa bedi.

M'chitinimo munali mamendulo okulungidwa m'kansalu koyera, ndi chithunzi chakale cha munthu wovala kabudula wa khaki ndi chisoti chachitali.

"Iwe mdzukulu wanga," anatero amalume, "ukuti ukufuna kulowa usilikali. Kodi nyumba imene ukufuna kulowayo ukudziwa anaimanga ndani? Awa ndi bambo anga, anganga ako, anapita ku Burma. Bambo awo ananyamula mitolo ya azungu pankhondo ya Jeremani. Ine ndinalowa dziko litangolandira ufulu. Ukalowa iwe ukhala wachinayi. Khala pansi umve kaye."

Zimene anatifotokozera madzulo amenewo, pamodzi ndi zimene ife tawerenga m'mabuku a mbiri, ndi zimene tikulemba apazi, chifukwa tikukhulupirira kuti mabanja ambiri a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota ali ndi chitini chotere penapake.

Gulu loyamba la Malawi Rifles, limene kwawo ndi ku Cobbe Barracks ku Zomba, ndi lakale kuposa dzina loti Malawi pamapu, lakalenso kuposa dzina loti Nyasaland, limene linabwera mu 1907. Mizu yake ili m'chaka cha 1891, pamene Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba wa atsamunda, anatuma Captain Cecil Maguire kukatenga asilikali ku India. Anabwera nawo okwana 70, ena Asikh, ena Asilamu okwera pamahatchi ochokera ku Hyderabad. Kwa amenewa anawonjezerapo anthu a ku Zanzibar ndi Amakua a ku Mozambique, ndipo pambuyo pake Atonga a ku Nkhata Bay ndi Ayao. M'chaka cha 1896 magulu amenewa anawaika pamodzi kukhala gulu limodzi la asilikali a British Central Africa. Pa 1 Januwale 1902 Angerezi anaphatikiza asilikali awo onse a kuno, a ku Kenya, Uganda ndi Somaliland pansi pa dzina limodzi, King's African Rifles, limene makolo athu analifupikitsa kuti Keyala. Magulu a nambala 1 ndi nambala 2 anali a kuno kwathu. Nambala 1 uja ndi amene pa 6 Julayi 1964 anasintha dzina n'kukhala gulu loyamba la Malawi Rifles. Tikawerenga kuchokera mu 1896, ndiye kuti nyumbayi yaima zaka zoposa 125 osagwa.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imawawa kwa ife a kunyanja, ndipo sitikufuna kuiphimba. Adani oyamba a gulu limeneli sanali Ajeremani kapena Ataliyana. Anali mafumu athu. Fort Johnston, imene lero ndi Mangochi, inamangidwa mu 1891 kuti iyang'anire Mponda. Maguire mwiniwakeyo anaphedwa mu Disembala chaka chomwecho akulimbana ndi anthu a Makanjira, n'chifukwa chake kutsidya kuli malo otchedwa Fort Maguire. Jalasi anawathamangitsa atsamunda paphiri lake mu 1892, koma mu 1895 anabweranso n'kumugonjetsa, ndipo chaka chomwecho anathyola mphamvu za Kawinga, Matipwiri ndi Makanjira, n'kupachika Mlozi ku Karonga. Atsamunda ankati akuthetsa ukapolo. Tisanamizane, malonda a akapolo analipodi, ndipo mafumu athu ena anadetsa nawo manja. Palibe Msilamu amene angawaikire kumbuyo. Koma atsamundawo ankafunanso dziko ndi msonkho, ndipo zonsezi anazipeza. Chodabwitsa n'chakuti patangopita zaka zochepa, anyamata a m'midzi yomwe inatenthedwa ija ndi amene anadzaza m'gulu la owagonjetsa. Azungu ankawatama Ayao kuti ndi mtundu wodziwa nkhondo. Chifukwa china sankachitchula: makolo athu ankakana kutumiza ana kusukulu za mishoni poopa kuti akasiya Chisilamu, choncho ntchito za ukalaliki ndi uphunzitsi zinapita kwa ena, ndipo khomo limene linatsala lotsegula linali la usilikali. Amalume anati m'banja mwathu momwemuno munali wina amene anamenya nkhondo kumbali ya Makanjira, ndi mphwake amene anavala khaki.

Ndipo anayenda anyamata amenewo! Gulu lachiwiri litangokhazikitsidwa mu 1899 analitumiza kuchilumba cha Mauritius, kenaka ku Somaliland. Mu 1900 ena anakamenya nawo nkhondo ya Asante m'dziko limene lero ndi Ghana, ena anafika mpaka ku Gambia. Munthu wobadwira ku Malindi kapena ku Namwera, amene sanaonepo sitima ina kupatula za panyanja yathu, anazungulira Africa pamadzi amchere agogo ake ali moyo. Ku Somaliland ankalimbana ndi Sayyid Muhammad Abdullah Hassan, shehe ndi mlakatuli amene anakana ulamuliro wa Angerezi kwa zaka 20. Pa 6 Okutobala 1902, pamalo otchedwa Erigo, mkulu wawo Alexander Cobbe anaonetsa kulimba mtima kumene kunamupatsa mendulo yapamwamba kwambiri ya Angerezi, Victoria Cross, ndipo dzina lake ndi limene lili pachipata cha asilikali ku Zomba mpaka lero. Mu Epulo 1903, ku Gumburu, asilikali ambiri a gulu lachiwiri anathera pomwepo zipolopolo zitawathera. Taganizani, abale: mbali iyi Myao wotchula shahada, mbali inayo Msomali wotchulanso shahada, onse kugwa pamchenga umodzi chifukwa cha mbendera ya mfumu ya ku London. Dzina la Cobbe timalidziwa tonse. Mayina a iwo amene anagwa pambali pake ndi ochepa amene angawatchule. Allah awakhululukire onse a mbali ziwirizo.

Pali tinthu tina tating'ono timene tinatisangalatsa. Magulu a Keyala a ku Kenya ndi Uganda ankalamulidwa m'Chiswahili, koma a kuno ankagwiritsa ntchito Chinyanja, ndipo mzungu aliyense wobwera kudzawatsogolera ankayenera kuchiphunzira. Chisoti chachitali chija, chofanana ndi chimene ankavala Asilamu a ku Turkey ndi ku Egypt, magulu ena ankavala chofiira, koma a kuno chinali chakuda. Mu 1911 boma, pofuna kupulumutsa ndalama, linathetsa gulu lachiwiri. Ambiri mwa ochotsedwawo anangowoloka malire n'kukalembedwa ntchito kwa Ajeremani, kotero kuti nkhondo itabuka mu 1914 anthu a mudzi umodzi anapezeka atalozana mfuti.

Nkhondo imeneyo makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza, ndipo katswiri wa mbiri Melvin Page analitcha buku lake dzina lomwelo atacheza ndi okalamba ambiri amene anaiona. Inafika m'dziko muno pa 9 Sepitembala 1914 pamene Ajeremani anaukira Karonga n'kubwezedwa. Kuchokera apo asilikali anathamangitsana ndi mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, m'dziko la Tanganyika, kulowa ku Mozambique tsidya la nyanja yathu, mpaka anakagonja ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Amuna a dziko lino pafupifupi 19,000 anavala yunifolomu, koma amene anagwidwa kuti akhale amtengatenga, onyamula chakudya ndi zipolopolo pamutu, anali pafupifupi 200,000, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda, opanda sanda, opanda wowaswalira. Agogo a amalume anali m'gulu limeneli. Iwo analibe mendulo yoti n'kuika m'chitini. John Chilembwe anadandaula poyera za kutengera anthu akuda kunkhondo imene sinali yawo, ndipo ataukira boma mu Januwale 1915, asilikali a Keyala omwewo anali m'gulu la amene anatumidwa kukamuthira nkhondo. Chimene chinatsalira m'midzi mwathu ndi gule wa beni. Mukamaona anyamata akuvina atavala ngati asilikali, wina akuimba wezulo, wina akudzitcha sajeni, dziwani kuti mukuonera perete wa Keyala amene anasanduka chisangalalo.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse amuna a kuno oposa 25,000 anapitanso. Mu Julayi 1940 asilikali ochepa a gulu loyamba anatchinjiriza Moyale, pamalire a Kenya ndi Ethiopia, kwa Ataliyana ochuluka kuposa iwo, ndipo n'chifukwa chake malo a asilikali ku Mzuzu amatchedwa Moyale. Anamenya ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942, ndi ku Burma mu 1944, m'chigwa cha Kabaw, momwe mvula ndi malungo zinkapha ngati Ajapani. Kumeneko ndi komwe anganga athu a pachithunzi chija anakatenga mamendulo awo. M'zaka za m'ma 1950 magulu onse awiri anakagwira ntchito ku Malaya. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha, gulu lachiwiri linatsalira ku Zambia n'kulowa m'gulu la asilikali a kumeneko, pamene loyamba linakhala lathu. Ngakhale zinali choncho, mkulu wa asilikali anapitirira kukhala mzungu mpaka mu 1972, pamene Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba paudindowo.

Mnyamata wathu, amene amakonda kufufuza zinthu pafoni, anafunsa ngati gululi ndilo lakale kwambiri padziko. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Zaka 125 n'zambiri kuno, koma kunja kuli nkhalamba zenizeni. Alonda a mfumu ya ku England otchedwa Yeomen of the Guard anayamba mu 1485. Asilikali a ku Switzerland amene amalondera Papa ku Vatican anayamba mu 1506. Gulu la Coldstream Guards, la zisoti zazitali zaubweya lija, lakhala likugwira ntchito mosalekeza kuyambira mu 1650. Ku Spain kuli gulu limene limati linayamba mu 1248, ngakhale kuti mbiri yakale choncho imakhala ndi mipata yake. Ku India asilikali okwera pamahatchi amene amalondera pulezidenti anayamba mu 1773. M'maiko a Chisilamu, alonda a mfumu ya ku Morocco amaloza mizu yawo kwa asilikali akuda a Sultan Moulay Ismail, amene analamulira kuyambira 1672 mpaka 1727. Asilikali amenewo ankalumbira pa buku la hadisi la Sahih al-Bukhari, ndipo ankatchedwa ndi dzina la bukulo. Ena otchuka kuposa onsewa sanafike lero: gulu la Janissary la ku Turkey, limene linanjenjemeretsa Ulaya kwa zaka mazanamazana, linathetsedwa ndi mfumu yake yomwe mu 1826 litayamba kudziona ngati ndilo boma.

Ife asodzi sitivutika kumvetsa ukalamba wa magulu amenewa. Ukonde wa chilimira umasokedwa chaka ndi chaka mpaka osatsala ulusi ndi umodzi womwe wa tsiku lomwe unagulidwa, koma mwini wake amautchabe ukonde wa bambo ake. Ku Cobbe kulibe mfuti, yunifolomu kapena munthu wa mu 1896. Ngakhale amene gululi limamutumikira anasintha: linayamba ndi Mfumukazi Victoria, lero limalumbira kuteteza malamulo a dziko la Malawi.

Titaswali Isha, amayi atalowa m'nyumba, amalume anatiuza chimene sitinkachiyembekezera. Analoza mumdima, cha kumapiri, n'kunena kuti ulendo wawo woyamba kufika dera limeneli sunali wa nthawi ya msasa ayi. Unali mu Okutobala 1967. Mwezi umenewo Yatuta Chisiza, amene anali nduna m'boma la Dr Banda asanathawe pa mkangano wa nduna wa 1964, analowa m'dziko muno kudzera ku Mwanza ndi kagulu kochepa ka anthu a mfuti. Asilikali anatumizidwa kudzawasaka m'nkhalango za Mwanza ndi Neno, ndipo Chisiza anaphedwa. Amalume anali mnyamata, msinkhu wa mphwathuyu. Sanadzitame ndi kalikonse. Anangoti amakumbukira ludzu, kutentha kwa miyala, ndi kuzindikira kuti anthu amene akuwasakawo akulankhula chinenero chomwe iwo akulankhula. Anatikumbutsanso za Febuluwale 1965, pamene anthu a Henry Chipembere anaukira Fort Johnston n'kukalepherera pa Liwonde, ndi mavuto amene midzi ya kwathu inaona pambuyo pake. Anati munthu ukavala yunifolomu sufunsidwa kuti ukufuna kupita kuti.

Koma sanalekere pomwepo, pakuti ndi munthu wachilungamo. Anati gulu lomwelo lachitanso zinthu zimene iwo amayenda nazo mutu uli m'mwamba. M'zaka za m'ma 1980, magalimoto odutsa pa Chifunga pano kupita ku Tete ankayenda mumdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, pamene asilikali athu, kuyambira mu 1987, ankalondera njanji ya ku Nacala kuti mafuta ndi feteleza zifike. Mu Disembala 1993 asilikali analanda zida a Payoniya pa ntchito imene inatchedwa Bwezani, kenaka anabwerera kumalo awo osalanda boma, chinthu chimene asilikali a maiko ambiri a mu Africa analephera kuchita. Mu 2012, pulezidenti atamwalira, anaima pa malamulo. Mu Malichi 2023 ndi iwo amene ankafukula anthu m'matope a namondwe wa Freddy. Ku Congo, mu Novembala 2018, asilikali athu 6 anaphedwa pa ntchito yosungitsa mtendere pafupi ndi Beni. Mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, anawomberedwa akukokera pabwino msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, Ali Khamis Omary. Omary anapulumuka, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja la Chitete mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima.

M'mawa mwake, titamwa tiyi, mlongo wathu anafunsa funso limene linali pamtima pake chiyambire.

"Amalume, zonsezo ndamva. Koma mwanayu akakalowa kumeneko, swala akaswalinso? Sakayamba mowa?"

"Mwana wa mlongo wanga," anayankha iwo, "ine ndinakhalako zaka zoposa 20. Masiku amene ndinasiya swala alipo, sindingakunamize pamaso pa Allah. Koma sindinaisiye chifukwa cha sajeni, ndinaisiya chifukwa cha ulesi wanga. Ramadhani ndinkamanga, nthawi zina ndili paulonda, futali yake madzi a m'botolo. Mowa ndinauona ku Zomba, koma kodi padoko kwanuko kulibe? Chimene ndikuopa ine si chimenecho. Ndikuopa tsiku limene adzalamulidwe kuchita chinthu chimene mtima wake ukukana, monga linandifikira ine m'mapiri awa."

Kenaka anatembenukira kwa mnyamatayo. Anamuuza kuti sakumuletsa, komanso sakumutuma. Anamuikira zinthu zitatu. Adikire mpaka boma litalengeza lokha kuti likulemba asilikali, ndipo asapereke ndalama kwa munthu aliyense wolonjeza kumulowetsa pakhomo la kuseri. Pa nthawi yodikirayo abwerere kwa shehe wake akamalize zimene anasiyira panjira, makamaka malamulo a swala ya paulendo ndi tayamamu, pakuti kutchire adzazifuna. Chachitatu, asakatenge fomu mayi ake asananene ndi pakamwa pawo kuti amulola, chifukwa radhi ya mayi saigula ndi mendulo. Mlongo wathu sanayankhe kanthu. Amalume anatenga mendulo imodzi ya ku Burma, anaiika m'manja mwa mayiyo, osati mwa mwana, n'kubweza zinazo m'chitini.

Pobwerera sitinadzere ku Balaka. Amalume anatilamula kuti tizungulire ku Blantyre mpaka ku Zomba, kuti mwanayo akaone chipilala cha Keyala. Chili m'mbali mwa msewu polowa mumzindawo kuchokera ku Blantyre, pafupi ndi Cobbe Barracks: nsanja yaitali ya njerwa zofiira yokhala ndi wotchi, yomangidwa pokumbukira amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Chaka chilichonse mu Novembala akuluakulu amabwera kudzaikapo nkhata za maluwa. Ife tinafika tsiku wamba, popanda lipenga kapena perete. Mnyamata wathu anayamba kuwerenga mayina olembedwa pamenepo, chala chikutsata mzere ndi mzere, ndipo posakhalitsa anatiitana kuti tidzaone kuchuluka kwa mayina onga athu, mayina amene timaitanirana kumzikiti tsiku la Ijumaa. Ambiri alembedwa dzina limodzi lokha, popanda la bambo kapena la mudzi. Tinakweza manja n'kuwapangira duwa, iwo pamodzi ndi amtengatenga amene sanalembedwe paliponse.

Cha kuchipata kunatulukira asilikali awiri achinyamata, nsapato zikuwala, akuseka nkhani zawo. Mlongo wathu anawayang'ana mpaka anakhota. Kenaka anamasula mfundo ya pansonga ya mpango wake, anayang'ana mendulo ija, anaimanganso, n'kutiuza kuti tifulumire, Asiri itipeze pa Liwonde. Pamene tikulemba pano mendulo idakali kwa iye, ndipo mnyamatayo amapita kwa shehe madzulo alionse akaweruka kokoka makoka.